Mlandu wa Matchona Ophunzira Usagwere Othawa

Mu Seputembala 2018 matenda a kolera anabuka ku Glen View ndi ku Budiriro, madera awiri oyandikana, othithikana anthu, kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Harare. Mapaipi onyamula zonyansa za m'zimbudzi anali ataphulika, uvewo n'kulowa m'zitsime ndi m'mijigo momwe anthu ankatunga madzi akumwa, pakuti m'mipopi munkakhala mouma masiku ambiri. Pa 11 Seputembala boma linalengeza kuti mzindawo uli pa ngozi, ndipo mliriwo usanazilale anthu oposa 50 anali atatsikira kulichete. Akatswiri oyeza m'malabotale anapeza kuti tizilombo ta ulendo umenewo sitinkamva mankhwala amene madokotala anazolowera kuyamba nawo. Nduna ya zachuma, imene inali itangolumbiritsidwa kumene, inatambasula dzanja kupempha anthu wamba kuti asonkhe ndalama zolimbanira ndi mliriwo.

Ambiri amaiona nkhaniyi ngati ya mapaipi ndi khonsolo ya mzinda basi. Komatu paipi imafuna injiniya, madzi amafuna katswiri wowayeza, wodwala amafuna dokotala, ndipo onsewa amasulidwa ndi munthu mmodzi, mphunzitsi wa pa sukulu yaukachenjede. Mphunzitsi ameneyo akamanga katundu wake ku Mount Pleasant, kumene kuli University of Zimbabwe, n'kukwera ndege ya ku Gaborone, Windhoek, Johannesburg kapena London, dzenje limene wasiya limakaonekera ku Glen View patapita zaka zisanu kapena khumi. Ana a akuluakulu a boma sagwera m'dzenjemo, chifukwa amakaphunzira kunja, ndipo akadwala amakachiritsidwa komweko. Wogweramo ndi mwana wa mmisiri wokhoma mipando pa msika wa Glen View 8, amene alibe sukulu ina yoti apiteko kapena chipatala china choti athawireko.

Tsono pali mawu amene amamveka pa misonkhano ya ndale, pa maliro, ngakhale m'makombi. Akuti ophunzira ndi anthu osayamika, dziko linawaphunzitsa ndi misonkho ya amphawi, iwo n'kulifulatira. Mawuwa amakoma m'khutu, koma ndi bodza, ndipo ndi bodza lopindulira olamulira okha. Mlandu wa kuchoka kwa akachenjede uli pa maboma amene amawalipira ngati aganyu ndi kuwatseka pakamwa ngati akaidi, ndiponso pa mayiko olemera amene amakolola m'munda umene sanaulime.

Ngati pali anthu oyenera kuchedwa kuweruza munthu wochoka kwawo, ndi olankhula Chichewa ndi Chinyanja. Agogo a mabanja ambiri a ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Glen View anachokera ku Nyasaland, ku Fort Jameson komwe lero ndi Chipata, ndi ku Tete. Ena anayenda wapansi milungu yambiri, ena anatengedwa ndi Mthandizi kupita ku minda ya fodya ya Southern Rhodesia, ena analembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya ku Joni. Amene sanabwerere anatchedwa matchona. Chinawachotsa pamudzi chinali msonkho, thangata ndi umphawi, ndipo palibe mdzukulu wa mtchona amene angaimirire lero n'kunena kuti agogo ake anachoka chifukwa chodana ndi kwawo. Boma la atsamunda la Nyasaland silinkalira nawo konse. Linkalandira ndalama pa mutu uliwonse wolembedwa ndi Wenela, ndipo gawo la malipiro a anthuwo linkasungidwa kuti akalandirire kumudzi. Dziko losauka linasanduka khola loweteramo antchito a eni migodi. Khola limenelo lidakalipo mpaka lero, kungoti Mthandizi ankatenga mikono, pamene ndege za makono zikutenga mitu.

Mbiri ya akachenjede awiri otchuka a ku Malawi ikuonetsa m'mene njira ziwirizi zinakumanirana. Pulofesa Thandika Mkandawire anabadwira ku Gwanda mu 1940, bambo awo ali a ku Nyasaland, mayi awo ali a ku Southern Rhodesia. Boma la Dr. Kamuzu Banda linawalanda pasipoti m'zaka za m'ma 1960, ndipo anatha zaka pafupifupi 30 osaponda ku Malawi. Nzeru zawo zinatumikira bungwe la CODESRIA ku Dakar, bungwe la kafukufuku la UNRISD ku Geneva ndi London School of Economics, mpaka anamwalirira ku Stockholm mu 2020. Pulofesa Paul Tiyambe Zeleza anabadwira mu Salisbury, Harare wa lero, mu 1955, anaphunzira ku Chancellor College, ndipo ntchito yawo yaikulu anakaigwirira ku Kenya, ku Canada ndi ku America. Awa ndi ana a m'mabanja amene anawoloka Zambezi kukasaka ntchito. Dziko lonse lapansi linawavulira chipewa, koma ophunzira ambiri a ku Zomba anangowadziwira m'mabuku. Kodi munthu wolandidwa pasipoti ndiye wathawa dziko lake, kapena dziko ndilo lamupirikitsa?

Yunivesite ya ku Mount Pleasant inayamba kuphunzitsa mu 1957 ndi dzina loti University College of Rhodesia and Nyasaland, kusonyeza kuti inali ya mayiko onse atatu a m'Chitaganya. Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, sukuluyi inali m'gulu la zolemekezeka mu Africa, ndipo akachenjede a mayiko ena ankabwera kudzaphunzitsako. Kufooka kwake kunabwera ndi manja a anthu, pa zaka zodziwika bwino.

Olemba mbiri ya maphunziro amasimba za msonkhano wa atsogoleri a mayunivesite a mu Africa umene unachitikira mu Harare momwemo mu 1986. Kumeneko nthumwi za Banki Yaikulu ya Dziko Lonse zinati maphunziro aukachenjede ndi zinthu za mwanaalirenji kwa mayiko osauka, ndipo kuli bwino kuti ana azikaphunzira kunja. Bankiyo inadzasintha maganizo mu 2000, m'lipoti limene inatulutsa pamodzi ndi UNESCO, koma madzi akatayika saoleka. Pofika nthawi imeneyo malaibulale a mayunivesite ambiri anali atasiya kugula mabuku, zipangizo za m'malabotale zitachita dzimbiri, ndipo University of Zambia inali itataya aphunzitsi ochuluka amene anakapeza ntchito ku Botswana ndi ku South Africa.

Mu 1990 nyumba ya malamulo ya Zimbabwe inasintha lamulo loyendetsera yunivesite, n'kuwonjezera mphamvu za boma pa sukuluyo pamodzi ndi mphamvu zolangira aphunzitsi ndi ophunzira. Pulofesa Walter Kamba, munthu wakuda woyamba kutsogolera sukuluyo, anatula pansi udindo podandaula kuti andale akulowetsa zala m'ntchito imene sakuidziwa. Patapita nthawi anakakhazikitsa nthambi ya zamalamulo pa University of Namibia. Mu 1991 kunabwera ndondomeko ya zachuma ya ESAP, imene inafinya ndalama za maphunziro ndi zaumoyo. Boma lenilenilo linavomereza kuti mu Julayi 2008 mitengo ya zinthu inkakwera ndi 231 miliyoni peresenti pa chaka, ndipo malipiro a pulofesa ankasungunuka asanawatulutse kubanki. Mu Novembala chaka chomwecho sukulu ya madokotala inatsekedwa, pa nthawi imene kolera anali kusesa dziko, mliri umene unagwira anthu pafupifupi 100,000 n'kupha oposa 4,000, Budiriro ali m'gulu la madera okanthidwa kwambiri. Yunivesite yonse inakhala miyezi yambiri yosaphunzitsa mpaka Ogasiti 2009, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali kusowa kwa madzi pasukulupo. Sukulu yosula mainjiniya a madzi inalephera kutsegulidwa chifukwa mipopi yake inauma.

Wina angaganize kuti izi ndi zakale. Pa 16 Epulo 2025 aphunzitsi a pa University of Zimbabwe, kudzera m'bungwe lawo la Association of University Teachers, anayamba kunyanyala ntchito. Ankapempha kuti mphunzitsi wa pa mlingo woyambira abwerere pa madola a ku America 2,250 pa mwezi, amene ankalandira Okutobala 2018 asanafike, popeza tsopano ankalandira madola pafupifupi 230 ndi kandalama kena ka ZiG pamwamba. Yankho linali kulemba aphunzitsi aganyu pa madola 5.50 pa ola, ndipo atsogoleri ena a bungwelo anachotsedwa ntchito. Munthu wochitidwa zotere akatenga pasipoti, wosayamika ndani?

Ku Malawi chida chinali chomangira pakamwa. Dr. Jack Mapanje, mkulu wa nthambi ya Chingerezi pa Chancellor College ndiponso katswiri wa zinenero, anagwidwa mu Seputembala 1987, natsekeredwa ku ndende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka Meyi 1991. Atatuluka anapita ku Britain ndi banja lawo. Ndale za zipani zambiri zitabwera, khalidwelo silinafe. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi, a Peter Mukhito, anaitanitsa Dr. Blessings Chinsinga kukawafunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi. Aphunzitsi anakana kulowa m'makalasi mpaka atatsimikiziridwa ufulu wophunzitsa mopanda mantha, anayi a iwo anachotsedwa ntchito, ndipo mkanganowo unadya miyezi pafupifupi isanu ndi itatu ya maphunziro a ana a eni. Mphunzitsi aliyense wachinyamata amene ankamaliza digiri yake kunja chaka chimenecho anawerenga nkhaniyo, n'kudzifunsa ngati kubwerera kuli kwanzeru.

Oteteza maboma ali ndi mayankho atatu, ndipo onse ndi obooka. Loyamba ndi ndalama zotumizidwa kumudzi. Kalembera wa 2022 ku Zimbabwe anapeza anthu oposa 900,000 amene mabanja awo anati ali kunja, ambiri a iwo ku South Africa, ndipo ndalama zimene a kunja amatumiza zimapitirira madola biliyoni imodzi ndi theka pa chaka. Palibe wokana kuti ndalamazi zikugwira ntchito. Ku Glen View zawonjezera zipinda pa nyumba, zalipira fizi, zagula mankhwala a nkhalamba ndi mabokosi a maliro. Komabe ndalama yotumizidwa imalowa pakhomo limodzi, pamene mphunzitsi wa pa yunivesite ndi wa mzinda wonse. Mjigo wokumbidwa ndi ndalama za ku Luton umatunga madzi omwewo amene paipi yophulika yawaipitsa. Ndalama siingayang'anire wophunzira amene akulemba kafukufuku wake, siingaime pambali pa dokotala wamng'ono pa opaleshoni yake yoyamba. Kuti mwana wa ku Zimbabwe afike pokhala mphunzitsi wa digiri ya udokotala pamafunika zaka 7 za pulayimale, 6 za sekondale, ndi zina pafupifupi 10 za ukachenjede. Munthu woteroyo ndi mbewu, popeza mwa iye ndimo mumatuluka aphunzitsi, anamwino ndi mainjiniya a mawa. Mlimi wogulitsa mbewu yake angadye nyama mwezi umodzi, koma mvula yoyamba ikagwa amangoyang'ana munda. Boma lonyadira ndalama za matchona likunyadira mtengo wa mbewu imene lagulitsa, monga momwe atsamunda ankawerengera ndalama za Wenela.

Yankho lachiwiri ndi lakuti opita amabwerera ndi nzeru zoposa zimene anapita nazo. Ena amabwereradi, ndipo mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Pulofesa Zeleza anathandiza kukhazikitsa ndondomeko ya Carnegie African Diaspora Fellowship mu 2013, yotumiza akachenjede obadwira mu Africa kuchokera ku America ndi Canada kudzathandiza mayunivesite a kuno kwa milungu ingapo. Ntchitoyo ndi yotamandika, ngakhale kuti inayamba ndi mayiko asanu ndi limodzi, ndipo Zimbabwe, Malawi, Zambia ndi Mozambique sanali m'gulumo. Koma akale omwewo anatinso mlendo ndi mame. Wobwera kwa milungu isanu ndi umodzi amafuna kupeza mwini nyumba woti amusiyire kalumoko, ndipo ngati nthambi yonse yatsala ndi aganyu olipidwa pa ola, palibe womulandira. Nakonso kubwerera kwa munthu wophunzira pakokha sikuchiritsa kanthu. Nduna ya zachuma imene inapempha msonkhamsonkha wa kolera mu 2018 inali Pulofesa Mthuli Ncube, amene anaphunzitsapo ku Oxford, ndipo mwezi wa Okutobala 2018, umene aphunzitsi amauloza ngati chiyambi cha kugwa kwa malipiro awo, unafika iwo ali pampando. Nduna ya zamaphunziro ku Malawi pamene mkangano wa 2011 unkayamba inali Pulofesa Peter Mutharika, amene anaphunzitsa zamalamulo zaka zambiri pa Washington University ku St. Louis. Robert Mugabe anali ndi madigiri ochuluka, ndipo anali mkulu wolemekezeka wa yunivesite ya ku Mount Pleasant pa zaka zonse za kufooka kwake mpaka 2017. Madigiri a olamulira sanaikepo nsima pa mbale ya mphunzitsi.

Yankho lachitatu ndi chingwe. Mu Januwale 2023 Zimbabwe inakhazikitsa lamulo loletsa ogwira ntchito zaumoyo kunyanyala ntchito kopitirira maola 72, ndipo wolinyozera angathe kupita kundende. Mu Epulo chaka chomwecho wachiwiri kwa pulezidenti, a Constantino Chiwenga, amene analinso nduna ya zaumoyo, analankhula zofuna kuti kulemba ntchito anamwino ndi madokotala a dzikolo kupita kunja kukhale mlandu. Koma mbuzi yomangidwa pouma imadula chingwe, ndipo ikapanda kudula imafera pomwepo. Munthu woletsedwa kudandaula ndi woletsedwa kuchoka amasiya ntchito mumtima akadali pa desiki. Malamulo otere amaphunzitsa wachinyamata aliyense kuti achoke msanga, chipata chisanatsekedwe.

Mayiko olandira nawonso sangasambe m'manja. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya BMJ mu 2011 anawerengera kuti mayiko asanu ndi anayi a kumwera kwa Sahara, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, anataya madola oposa mabiliyoni awiri amene anaphunzitsira madokotala omwe akugwira ntchito ku Britain, America, Canada ndi Australia. Mu 2023 bungwe la zaumoyo la WHO linaika Zimbabwe ndi Zambia pa mndandanda wa mayiko 55 osowa kwambiri antchito a zaumoyo, momwe Malawi ndi Mozambique analimo kale, ndipo linati mayiko olemera asamapite dala kukakopa antchito kumeneko. Koma chitseko cham'mbali chinali chotsegula. Kuyambira Febuluwale 2022 Britain inkapereka ziphaso kwa osamalira nkhalamba, ndipo anthu a madigiri a ku Harare anakhamukira ku maphunziro a miyezi yochepa a usamaliri kuti apeze njira. Munthu woyenera kuphunzitsa masamu akusambitsa okalamba m'dziko la eni, ntchito yolemekezeka ndithu, koma imene sanaiphunzirire zaka makumi awiri. Mu Malichi 2024 Britain inaletsa osamalirawo kutenga mabanja awo, ndipo mu Julayi 2025 inatseka njirayo kwa ofunsira ali kunja. Chitseko ndi cha mwini wake, amatsegula akafuna manja, amatseka akakhuta. Dziko limene laika chiyembekezo chake pa chitseko cha eni lamanga nkhokwe m'munda wa mnansi.

Zofunika kuchitika si zachinsinsi. Malipiro a mphunzitsi wa pa yunivesite akhale oti angalerere banja popanda kugulitsa tomato kapena kuyendetsa takisi usiku, ndipo aikidwe m'ndalama yosasungunuka. Andale ndi apolisi atuluke m'kalasi, ndipo atsogoleri a mayunivesite asankhidwe chifukwa cha ntchito yawo, osati chifukwa cha chipani. Lonjezo la mayiko a mu African Union loika gawo limodzi mwa magawo 100 a chuma cha dziko pa kafukufuku, limene mayiko ambiri sanalikwaniritse, lichoke papepala. Mayiko olemba ntchito akatswiri ophunzitsidwa ndi misonkho ya amphawi abweze mtengo wa maphunzirowo ku sukulu zimene zinawasula, kudzera m'mapangano olembedwa pakati pa maboma. Tsopano popeza Zimbabwe mu 2013, Zambia mu 2016 ndi Malawi pambuyo pake anatsegula njira ya unzika wa mayiko awiri, mayunivesite apereke maudindo enieni kwa a kunja ofuna kuphunzitsa gawo la chaka, m'malo mowachitira nsanje. Nawonso a kunjawo ali ndi ngongole, ndipo siithera pa ndalama za maliro. Ali ndi ufulu wolankhula umene anzawo otsala alibe, ndipo kukhala chete pamene anzawo akuchotsedwa ntchito ndiko kusayamika kwenikweni.

Chotsiriza chili m'manja mwa anthu wamba. Pamene aphunzitsi ankanyanyala ntchito mu 2025, makolo ambiri anangoona ana awo atakhala pakhomo fizi italipidwa, n'kukwiyira aphunzitsiwo. Mkwiyowo ndi womveka, koma unaloza kolakwika. Kolera anabweranso ku Harare mu 2023, ndipo ku Malawi mliri wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700. Mayi wa ku Glen View amene amadzuka mbandakucha kukaima pa mzere wa pa mjigo, mlimi wa ku Katete, msodzi wa ku Mangochi ndi wogulitsa pa msika wa ku Ulongwe, onsewa amadalira dokotala ndi injiniya amene sanaphunzitsidwebe, ndipo wodzawaphunzitsayo mwina lero akudzaza fomu yofunsira ntchito ku Gaborone. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Phungu aliyense wobwera kudzapempha mavoti ku Glen View afunsidwe za mapaipi, ndipo pa mpweya womwewo afunsidwe kuti mphunzitsi wa ku Mount Pleasant akulandira zingati.